Kusaka zithunzi za anthu wamba a ku India okana malamulo a atsamunda pa Wikimedia Commons: n'zaulere, koma zimalira maso

Mphunzitsi wa mbiri, mtolankhani kapena wokonza kabuku akafuna chithunzi cha momwe anthu a ku India ankaphwanyira dala malamulo a Angerezi, kawirikawiri amakathera pa Wikimedia Commons, ngakhale atayambira pa Google. Iyi ndi nkhokwe ya zithunzi, mawu ndi makanema imene Wikipedia imatapamo. Inatsegulidwa mu Seputembala 2004, ndipo mu 2023 mafailo ake anadutsa 100 miliyoni. Salipiritsa, samatapo zotsatsa malonda, ndipo kutsitsa chithunzi sikulira akaunti. Pano tikuiyeza pa ntchito imodzi basi: kupezamo zithunzi za pakati pa 1919 ndi 1946 zoonetsa anthu wamba akuphika mchere woletsedwa, akutchinga makomo a masitolo a nsalu zakunja, atakhala pansi pamsewu kudikira ndodo za apolisi.

Chigamulo tineneretu. Pa zoonetsa m'kalasi, pa foni ndi pa intaneti, nkhokweyi ikukwana, ndipo mwa zaulere n'zovuta kupeza yoiposa. Pa zosindikiza zikuluzikulu ndi yofooka. Mawu ofotokoza zithunzi ndiye muziwaponda ngati ulalo wa mitengo nthawi ya dzinja, phazi limodzi kaye.

Gandhi paliponse

Vuto loyamba limaonekera mukangolemba "Salt March" m'bokosi losakira. Ulendo wa mcherewu unayamba pa 12 Malichi 1930 ku Sabarmati Ashram mumzinda wa Ahmedabad, Mahatma Gandhi, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa India, ali ndi amuna 78 omutsatira. Anayenda makilomita pafupifupi 385 kwa masiku 24, anafika ku Dandi pa 5 Epulo, ndipo m'mawa wa pa 6 Epulo lamulo loletsa anthu kupanga okha mchere linaphwanyidwa. Chaka chisanathe anthu oposa 60,000 anali atalawa ndende. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma mukaona zimene makina osakira akubweretserani mungaganize kuti unasenza ndithu: Gandhi ndi ndodo, Gandhi atawerama, Gandhi pa sitampa. Kenako pamabwera zithunzi zamakono za ziboliboli, monga za ku chikumbutso cha ku Dandi chimene chinatsegulidwa pa 30 Januwale 2019, ndi Gyarah Murti, chiboliboli cha ulendowu cha ku Delhi. Anthu 60,000 aja muchita kuwafuna ndi nyali.

Mlanduwu si wa Commons yokha. Ojambula a nyuzipepala ankatsata mtsogoleri popeza nkhope yake ndiyo inkagulitsa. Walter Bosshard wa ku Switzerland, mwachitsanzo, anafika ku Dandi akujambulira magazini ya ku Munich. Kumapeto a Epulo 1930 boma la atsamunda linakhwimitsa lamulo la nyuzipepala, ndipo zambiri zoikira kumbuyo Congress, chipani chomenyera ufulu wa India, zinatsekedwa kapena kusiya zokha kutuluka. India atalandira ufulu, amene anasunga ndi kufalitsa zithunzi zochuluka anali mabungwe okumbukira Gandhi, ndipo n'komwe anthu odzipereka a pa Commons anakatapa. Nkhokweyi inangotengera tsankho lomwe linalipo kale. Poidzudzulira n'pakuti makina ake osakira sakuthandizani kulizemba. Muyenera kudziwa nokha chofunsa.

Ndiye siyani dzina la mtsogoleri, sakani ndi malo. Wadala ndi minda ya mchere ya m'mphepete mwa Bombay imene khamu la anthu pafupifupi 15,000 linathyola pa 1 Juni 1930. Chowpatty ndi gombe kumene amayi monga Kamaladevi Chattopadhyay ndi Avantikabai Gokhale anatunga madzi a m'nyanja n'kuwaphika. Vedaranyam ndi kumene C. Rajagopalachari anafika ndi gulu lake atanyamuka ku Trichinopoly pa 13 Epulo. Qissa Khwani ndi msika wa ku Peshawar kumene asilikali anaombera anthu pa 23 Epulo 1930. Bardoli ndi ya alimi amene anakana msonkho wa minda mu 1928, Gowalia Tank ndi bwalo la ku Bombay kumene "Quit India", ndawala youza Angerezi kuti achoke ku India, inayambira pa 8 Ogasiti 1942. Za 1942 musaiwale kulemba Bangalore: kumeneko kuli zithunzi za maulendo a pamsewu ndi za ophunzira, zopanda mtsogoleri wotchuka pakati. Amene ali ku South Africa ndipo akufuna mbali ya nkhaniyi yowayandikira alembe Newcastle, Charlestown ndi Volksrust ndi chaka cha 1913, pamene ogwira ntchito m'migodi ya malasha oposa 2,000 ochokera ku India anaoloka malire a chigawo cha Transvaal popanda chilolezo.

Dzina lililonse lilembeni kawiri, lakale ndi latsopano, chifukwa amene anaika chithunzi anagwiritsa lomwe analipeza: Bombay ndi Mumbai, Calcutta ndi Kolkata, Madras ndi Chennai, Poona ndi Pune, Trichinopoly ndi Tiruchirappalli. Ang'onoang'ono nawo amasintha kalembedwe, Wadala kukhala Vadala, Dharasana kukhala Dharsana. Kumbukiraninso kuti Peshawar ndi Lahore lero ali ku Pakistan, Chittagong ku Bangladesh, choncho zithunzi zake zina zinaikidwa m'magulu a maiko amenewo. Mawu ena obala zipatso ndi amene anthu a nthawiyo ankagwiritsa: satyagraha, kukana lamulo popanda chiwawa, hartal, kutanthauza kutseka masitolo ndi kunyanyala ntchito, lathi, ndodo yansungwi ya apolisi, khadi, nsalu yoluka pamanja, ndi Desh Sevika, dzina la gulu la amayi odzipereka a ku Bombay.

Bokosi losakira limamvanso malamulo ena amene ambiri sawadziwa. Mukawonjeza -intitle:Gandhi mumachotsa mafailo onse okhala ndi dzinalo pamutu. Izi n'zabwino kuposa -Gandhi, imene imataya ngakhale chithunzi cha khamu chomwe dzinalo langotchulidwa m'mawu ofotokoza. Mukalemba filew:>1500 mumatsala ndi zithunzi zoposa mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1,500 m'lifupi. Msampha wake ngwakuti zithunzi zazikulu zambiri ndi zamakono zija, ziboliboli ndi zipilala, ndiye sefayi ikhoza kukokolola zakale zonse n'kukusiyirani zojambulidwa ndi alendo oona malo. Yambani opanda sefa, onani zomwe zilipo, kenako sefani. Lamulo la incategory: limasaka m'gulu limodzi lokha, pamene deepcat: imalowa ndi m'timagulu ta pansi pake, koma pa gulu lalikulu ngati "Indian independence movement" ikhoza kulephera kapena kubweza zosakwanira chifukwa timagulu tachuluka.

Magulu amenewa ndiwo njira yeniyeni yoyendera m'nkhokweyi, ndipo apa a pa foni amaluza osadziwa. Maina a magulu amakhala pansi penipeni pa tsamba la chithunzi, koma maonekedwe a pa foni amatha kuwabisa. Tsikani mpaka kumapeto, dinani "Desktop", tsambalo litsegukenso ngati pa kompyuta. Mukapeza chithunzi chimodzi chabwino, tsatirani magulu ake onse. Anzake amakhala pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu china choyang'ana pa tsamba lomwelo ndi "File history" ndi "Other versions". Zithunzi zambiri za atsogoleri zinachita kudulidwa kuchokera m'zithunzi zazikulu kuti zikwane pa nkhani za Wikipedia. Chodulidwacho chimakhala ndi nkhope imodzi, pamene chathunthu chili ndi amayi onyamula miphika, ana, wapolisi ataima pambali ndi zolembedwa pa khoma la sitolo. Tsamba likamati failo inachotsedwa m'failo ina, dinani pamenepo. Anthu wamba amene mukuwafuna nthawi zambiri ali m'mbali imene lumo linataya.

Mawu a pansi pa chithunzi

Apa ndi pamene pafunika kukhalitsa, chifukwa cholakwa cha apa chimakafika pa bolodi ndi m'nyuzipepala. Aliyense angathe kuika chithunzi pa Commons ndi kulemba mawu ake. Ena amafufuza mosamala, ena amangokopera zimene anapeza kwina. Malo olembapo "Date" nthawi zina ali ndi tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, nthawi zina tsiku limene chinasindikizidwa m'buku, nthawi zina tsiku limene wina anachipanga sikani. Tsiku la mu "Metadata" pansi pa tsamba ndi la sikana kapena la pulogalamu yokonzera zithunzi. Kamera ya 1930 sinkalemba tsiku. "Unknown author" nayo ili ndi matanthauzo awiri: wojambula sadziwikadi, kapena woikayo sanavutike kufunsa.

Zitsanzo zitatu zikwanira kuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Chithunzi chotchuka cha Gandhi atawerama kutola mchere chimayenda ndi mawu akuti Dandi, 5 Epulo 1930. Tsikulo silingatheke, popeza mchere unatoledwa pa 6. Komanso wolemba mbiri Thomas Weber, amene anayenda yekha njira yonseyo mu 1983, anaonetsa kuti chithunzicho chinajambulidwa patapita masiku atatu m'mudzi wa Bhimrad pafupi ndi Surat. Chachiwiri ndi cha kamnyamata kakukoka ndodo ya Gandhi pagombe, chimene ambiri amati n'cha ulendo wa mchere. N'cha ku Juhu, ku Bombay, mu 1937, ndipo mwanayo ndi mdzukulu wake Kanu. Musamusokoneze ndi Kanu Gandhi wina, wachibale wamkulupo, amene anali wojambula zithunzi. Dzina limodzili lasokoneza ambiri pa malo olembapo mwini chithunzi.

Chachitatu ndi Dharasana. Pa 21 Meyi 1930, Gandhi ali kale m'ndende, anthu pafupifupi 2,500 motsogozedwa ndi Sarojini Naidu anayenda m'magulumagulu kulunjika mpanda wa fakitale ya mchere, ndipo apolisi anawagwetsa ndi ndodo iwo osabwezera. Dziko linamva za tsikuli kudzera m'mawu a mtolankhani Webb Miller wa United Press, amene anawerenga ovulala 320 ndi akufa awiri. Chithunzi chowala bwino, chojambulidwa pafupi, choonetsa ndodo ikutera pamutu, chokhala ndi mawu akuti Dharasana, chikaikireni: filimu ya "Gandhi" ya Richard Attenborough ya 1982 inasewera chochitikachi, ndipo zidutswa zake zimayenda pa intaneti atazichotsa mtundu. Chimodzimodzi Jallianwala Bagh, bwalo la ku Amritsar kumene asilikali anaombera khamu pa 13 Epulo 1919. Palibe chithunzi chodziwika cha nthawi imene asilikali ankaombera. Zenizeni n'za pambuyo pake, monga zimene anajambula Narayan Vinayak Virkar, zoonetsa anthu akuloza zibowo za zipolopolo pakhoma. Commons imafafaniza zidutswa za mafilimu zikadziwika, koma wosaka ndi Google amasakaniza zonse m'dengu limodzi, n'kuiwala kuti chiti chachokera kuti.

Pali njira zoyezera chithunzi ndi maso anu. Yodalirika kwambiri ndi mbendera. Kuyambira 1921 anthu a Congress ankanyamula mbendera ya mizere itatu, woyera pamwamba, wobiriwira pakati, wofiira pansi, ndi chithunzi cha charkha, chipangizo chopotera ulusi. Mu Ogasiti 1931 chipanicho chinavomereza ina: wachikasu chofiirira pamwamba, woyera pakati, wobiriwira pansi. Gudumu la Ashoka linalowa m'malo mwa charkha mu Julayi 1947. Pa chithunzi chakuda ndi choyera simuona mitundu, koma mzere woyera mumauona. Ukakhala pamwamba, chithunzicho chikugwirizana ndi 1930. Ukakhala pakati, n'cha kumapeto a 1931 kapena mtsogolo, ngakhale mawu apansi atalumbira kuti n'cha ulendo wa mchere. Mbendera zinkasokedwa kunyumba ndipo sizinkafanana zonse, choncho umboniwu uziyenda ndi wina.

Wina ndi uwu: gulu limene linanyamuka ku Sabarmati linali la amuna okhaokha. Amayi analowa mwaunyinji lamulo litaphwanyidwa pa 6 Epulo, ndipo ndiwo anagwira ntchito yotchinga masitolo a mowa ndi a nsalu zakunja. Mzere wa amayi akuguba ndi mbendera mumsewu wa nyumba zosanja ndi wa mumzinda, makamaka Bombay, osati wa njira ya ku Dandi imene inkadutsa m'midzi ya Gujarat. Zovala za Gandhi nazo ndi kalendala: anayamba kuvala kansalu ka m'chiuno mu Seputembala 1921 ku Madurai, choncho akaoneka ndi nduwira kapena malaya, chithunzicho n'chakale kuposa pamenepo. Onaninso zolembedwa pa zikwangwani. Zilembo za Chigujarati, za Chitamil ndi za Chibengali sizifanana, ndipo ngakhale wosaziwerenga angathe kuzifanizira ndi zitsanzo n'kudziwa dera.

Mukamaliza apo, ikani chithunzicho mu TinEye kapena Google Lens, masamba osaka komwe chithunzi chinaonekanso pa intaneti. TinEye imalola kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri kapena chachikulu kwambiri, ndipo zonse ziwiri n'zothandiza. Mukapeza chithunzi chomwecho ku kampani yogulitsa zithunzi za nyuzipepala, werengani mawu ake. Kawirikawiri anakopedwa pa kapepala komatidwa kumbuyo kwa chithunzi choyambirira. Nawonso amalakwa, makamaka pa maina a midzi, koma magwero awiri osadalirana akagwirizana mungathe kulemba ndi mtima pansi. Akasemphana, lembani zochepa zomwe n'zotsimikizika, monga "Bombay, 1930", m'malo moika tsiku lokongola labodza.

Kukula kwa failo

Zithunzi zambiri zakalezi zinaikidwa zaka zoyambirira za Commons, zitatengedwa pa intaneti ya nthawi imeneyo kapena m'mabuku, ndipo n'zazing'ono. Pansi pa chithunzi pali mawu akuti "Original file" otsatana ndi manambala awiri; amenewo ndiwo oona, osati kukula komwe mukuona pa sikirini. Masamu ake ngosavuta. Kusindikiza kwabwino kumafuna mapikiselo 300 pa inchi, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Chithunzi cha mapikiselo 800 m'lifupi chimatuluka bwino pa masentimita pafupifupi 7 okha, kukula ngati chiphaso. Kudzaza pepala la A4 kumafuna 2,480 kwa 3,508. Chopachika pakhoma, choonera patali, chimapirira 150 pa inchi: pamenepo 800 aja amafika masentimita 13 ndi theka, ndipo A3 imafuna 1,754 kwa 2,480. Pa pulojekita ndi pa foni, chilichonse choposa 1,000 chikukwana.

Manambala aakulu nawo amanamiza. Wina akhoza kufutukula chithunzi cha 600 kukhala 2,400 n'kuchiikanso. Failo yalemera, koma nkhope zili ngati phala. Chitseguleni chonse, muyang'ane maso a munthu wa kumbuyo kapena zilembo za pa chikwangwani. Vuto lina ndi la zithunzi zotengedwa m'mabuku ndi m'nyuzipepala, zimene zimapangidwa ndi timadontho. Pulinta yanu nayo ili ndi timadontho take, ndipo mitundu iwiriyi ikakumana pamatuluka mizere ngati ya mkeka pankhope ponse. Mankhwala ake ndi kuchifewetsa pang'ono ndi "blur" ya pikiselo imodzi kapena iwiri mu GIMP kapena pulogalamu ina yokonzera zithunzi, kenako n'kuchichepetsa kukula. Mukachinola ndi "sharpen" ndiye mwaonjeza matenda. Pa fotokope ya kusukulu, zithunzi za khamu zimasanduka chikuto chakuda chifukwa makinawo amameza mitundu yapakati, ndiye chiwalitseni kaye ndipo yesani pepala limodzi musanalamule makumi asanu.

Za bandulo: dinani kukula kwapakati pa mzere wa "Other resolutions" ngati n'zongoonetsa, popeza mafailo ena a TIFF amafika mamegabaiti makumimakumi. Potumizira wosindikiza pa WhatsApp, tumizani ngati "Document". Mukatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, ndipo kakang'ono komwe munali nako kamathera panjira. Makanema a pa Commons, kuphatikizapo kachidutswa ka ulendo wa ku Dandi, ali mu WebM kapena Ogg, osati MP4, choncho mafoni ena ndi ma TV a m'kalasi amawakana. Pulogalamu ya VLC imawatsegula.

Zopakidwa mitundu ndi makina zisiyeni, ngakhale zimakoka maso a ana. Makinawo amangolota. Amapaka mbendera ya 1930 mitundu ya lero, sadziwa kuti anthu a gulu la Khudai Khidmatgar la kudera la Peshawar, lotsogozedwa ndi Khan Abdul Ghaffar Khan, ankavala malaya ofiira, ndipo mafilimu ambiri a nthawiyo ankaonetsa chofiira ngati chakuda, ndiye palibe pomwe makina angadziwire. Mapulogalamu "okonza nkhope" ngoipa koposa pa ntchito ino: munthu wosadziwika dzina amene watsala ndi nkhope yokha m'mbiri, amamupatsa ya wina.

Chilolezo

Apa ndiye Commons imawala. Chithunzi chilichonse chili ndi bokosi lonena chifukwa chake n'chololedwa, chinthu chimene Facebook ndi Pinterest sizingakupatseni. Lamulo la nkhokweyi n'lakuti chithunzi chikhale chomasuka m'dziko limene chinachokera komanso ku America, kumene kuli bungwe loiyendetsa. Zojambulidwa ndi kufalitsidwa ku India mu 1930 n'zomasuka kale kumeneko, ndipo ku America malire a zaka 95 a zofalitsidwa mu 1930 ndi 1 Januwale 2026. Za m'ma 1940 n'zovutirapo chifukwa cha lamulo la ku America loyang'ana ngati chithunzi chinali chomasuka kwawo pa 1 Januwale 1996, ndipo zina zimafafanizidwa patapita zaka zili pomwepo. Mukaona chikwangwani chofiira chonena kuti failo ikukambidwa zoti ichotsedwe, musaiike m'buku logulitsa.

Bokosi la chilolezo nalo analemba ndi munthu yemwe uja analemba tsiku. Likamati "public domain" koma wojambula ndi Margaret Bourke-White, amene anajambula Gandhi ndi charkha mu 1946 akugwirira magazini ya LIFE, kapena Henri Cartier-Bresson wa kampani ya zithunzi ya Magnum, imani kaye. Safunsa anadya phula. Zithunzi zamakono za zikumbutso kawirikawiri zili pa laisensi ya CC BY-SA, imene imafuna dzina la wojambula, dzina la laisensi, ndi kunena ngati mwasintha kanthu. Batani la "Use this file" limakupatsani mawu okonzeka kale, koma awerengeni, chifukwa nthawi zina limatchula amene anaika failo m'malo mwa amene anagwira kamera.

Malamulo omwewa ndiwo amachititsa kuti ojambula amene anayang'anitsitsa anthu wamba asowe kapena apezeke mwa apo ndi apo. Sunil Janah, amene anajambula njala ya ku Bengal ya 1943 ndi magulu a alimi ndi antchito, anamwalira mu 2012, chaka chomwecho ndi Homai Vyarawalla, amene zithunzi zake zimasungidwa ndi bungwe la Alkazi ku Delhi. Za Kulwant Roy zili m'manja mwa wojambula Aditya Arya. Ku Alkazi komweko kuli alubamu ya zithunzi 245 za Bombay ya 1930 ndi 1931, yokhala ndi dzina la K.L. Nursey, imene Sumathi Ramaswamy ndi Avrati Bhatnagar a ku Duke University anaifufuza n'kuionetsa ku Mumbai mu 2025. M'menemo mzinda ndi wa amayi, ogulitsa m'misika, ana ndi apolisi, ndipo Gandhi amangoonekera mwa kamodzikamodzi. Alubamu yotere imaphunzitsa ndi ndondomeko yake, chithunzi ichi kutsatana ndi icho, msewu womwewo m'mawa ndi masana. Commons imagwira chithunzi chimodzichimodzi ngati nsomba pa mbedza, ndipo ndondomeko imeneyo imatayika. Wofuna kulemba zozama adzafunikabe kupita ku nkhokwe zoterezi, kapena ku Prime Ministers' Museum and Library ya ku Delhi, imene mpaka 2023 inkatchedwa Nehru Memorial Museum and Library. Wofuna makanema ayang'ane British Pathé, nkhokwe ya makanema akale a nkhani a ku Britain, pa YouTube: kuonera n'kwaulere, kugwiritsa ntchito n'kolipira, ndipo mawu a wofotokoza, pomwe alipo, ndi a mbali ya atsamunda, chinthu choyenera kuwauza ophunzira kanema asanayambe.

Chilankhulo ndi chotchinga china. Mabatani ndi mawu ofotokoza pafupifupi onse ali m'Chingerezi, ndipo kusaka m'Chichewa sikubweretsa kanthu pa mutuwu. Khomo lokonzera lilipo: mukatsegula akaunti, imene ndi yaulere, pa gawo la "Captions" mungathe kuwonjeza mzere umodzi wa Chichewa pa chithunzi chilichonse. Tsiku lolakwika mungalikonzenso, bola mulembe gwero lanu pa tsamba la "Discussion" kuti wina asabwezeretse chakale mawa lake.

Chithunzi chilichonse chomwe mwasankha, sungani pamodzi ndi zinthu zinayi m'kope kapena m'failo ya zolemba: dzina lonse la failo monga lilili pa Commons, zimene zalembedwa pa "Source", laisensi yake, ndi tsiku limene mwatsitsa. Foni imasintha maina a zithunzi kukhala manambala, ndipo pakatha miyezi itatu simudzakumbukira kuti khamu ili ndi la Wadala kapena la Chowpatty. Kumanzere kapena pa "Tools" pali "Permanent link", imene imaloza tsambalo monga linalili tsiku limenelo. Kopani imeneyo, osati adiresi ya pamwamba, kuti wina akadzasintha mawu mudzathe kuonetsa zimene munawerenga.